DZINA LIKACEDWA KUTULUKA

Kuno kwathu kwa Mfumu Ndake, m'boma la Nyimba, kuli funso limodzi limene limamveka pa cigayo, pa citsime, ndiponso pabwalo la chalichi mapemphero akatha. Funsolo ndi lakuti, "Kodi dzina lanu latuluka?" Mlendo angaganize kuti tikunena za mayeso a ana a sukulu. Koma ife eni dera tidziwa kuti ofunsawo akunena za mndandanda wa mabanja olandira thandizo la ndalama locokera ku Boma, lija lochedwa Social Cash Transfer. Kwa munthu wa miyendo iwiri yolimba, yankho lakuti "silinatuluke" ndi nkhani yongopukusira mutu. Kwa banja limene lili ndi munthu wolemala kwambiri, yankho lomwelo likhoza kutanthauza kugona ndi njala, kugulitsa mbuzi yotsiriza, ngakhale kugwedezeka kwa ukwati. Mwezi uno ticeze za masiku a pakati aja, kucokera tsiku limene dzina lilembedwa kufikira tsiku limene yankho lifika.

Bambo wa njinga

Ndiyambe ndi bambo wina wa mu mphakati wathu. Anandilola kufotokoza nkhani yake, koma dzina lake sindichula. Kwa zaka zambiri bamboyu anali kudyera njinga. M'mbandakuca anali kumanga mikoko ya nthoci pa kaliyala, nachova kupita ku msika wa m'mbali mwa mseu wa Great East, kumene amai amagulitsa nthoci kwa apaulendo a m'mabasi a pakati pa Lusaka ndi Chipata. Tsiku lina m'nyengo yokolola, m'caka ca 2022, ng'ombe zinadzidzimuka, iye nagwa pa ngolo ya cimanga, ndipo msana unavulala. Anatuluka m'cipatala ali moyo, koma miyendo yonse iwiri inali itafa. Kunyumba kunali mkazi ndi ana anai, wamkulu ali mu giredi 8.

A komiti ya m'mudzi analemba dzina lake mwezi wa August. Dokotala anamupima nadzaza pepala lotsimikiza za kulemala kwake. Pambuyo pake kunabwera anyamata awiri ofunsa mafunso: nyumba ndi ya udzu kapena ya malata, mumadya kangati patsiku, muli ndi ziweto zotani. Atacoka iwowa, banja lonse linakhulupirira kuti ndalama zili m'njira. Mvula inagwa, cimanga cinamera, cinakhwima, anthu anakolola, koma yankho silinabwere.

Ndinapita kukamuona tsiku lina Lacitatu m'mwezi wa June. Ndinampeza atagona pamphasa m'khonde, nkhope ataloza kucipupa. Nsima ya masana inali pambali pake yosakhudzidwa. Mkazi wake anandiitanira kuseri kwa nkhokwe nati, "Aphunzitsi, anzanuwa aleka kudya. Akuti nsimayo tipatse ana, popeza iwo alibenso nchito pa dziko." Nditakhala pafupi naye kwa kanthawi, iye analankhula osandiyang'ana: "Aphunzitsi, akadangondiuza kuti iai, mtima wanga ukadakhala pansi. Koma izi zongokhala cete zikundidya ngati ciswe."

Mau amenewo sanandicoke m'mutu. Ciswe cimadya mtengo m'kati, kunja kukuoneka ngati zonse zili bwino, kufikira tsiku limene denga ligwa. Kudikira yankho losadziwika kumacita cimodzimodzi ndi mtima wa munthu. Tsono ngati tifuna kuthandiza odikira, tiyambe ndi kumvetsa cimene akudikiraco.

Njira imene pepala limayenda

Thandizo limeneli linayamba mwa kuyesa m'boma la Kalomo, ku cigawo ca kummwera, m'caka ca 2003, mothandizidwa ndi dziko la Germany. Pambuyo pake linafika ku Kazungula, Monze ndi Chipata, ndipo m'caka ca 2007 linafika ku Katete, kumene linali la nkhalamba. Anansi athu a ku Malawi nawo anayamba lao ku Mchinji m'caka ca 2006, lija amalichula kuti Mtukula Pakhomo. Kuno kwathu Boma linakulitsa nchitoyi kwambiri kuyambira 2014, kufikira inafalikira m'maboma onse a dziko, ndipo pofika 2023 mabanja olandira anali atapitirira 1 miliyoni. Imayendetsedwa ndi unduna woona za citukuko ca m'midzi ndi cisamaliro ca anthu.

Si wosauka aliyense amene amalowa. Mabanja amene amayang'anidwa ndi aja okhala ndi nkhalamba, okhala ndi munthu wolemala kwambiri, okhala ndi wodwala matenda osatha amene akungosamalidwa, otsogoleredwa ndi mwana, ndi otsogoleredwa ndi mai wolera yekha ana atatu kapena kuposerapo. Banja lokhala ndi wolemala kwambiri lakhala likuwerengeredwa zoculukirapo. M'caka ca 2017 banja wamba linali kulandira K90 pamwezi, la wolemala K180. M'caka ca 2021 zinafika pa K150 ndi K300, ndipo mu 2022 pa K200 ndi K400. Ndalamazi zimaperekedwa pamodzi miyezi iwiri iliyonse. M'caka ca cilala ca 2024, Boma litalengeza tsoka la dziko pa 29 February, linaonjezerapo zina.

Tsono pepala limadutsa makomo angapo. Khomo loyamba ndi komiti ya m'mudzi yochedwa CWAC, ya anthu odzipereka osankhidwa pakati pathu pomwe. Khomo laciwiri, kwa wolemala, ndi la cipatala, cifukwa mau a mfumu kapena a m'busa sakwanira kutsimikiza kukula kwa kulemala. Khomo lacitatu ndi kufunsidwa za cuma ca pakhomo, kuti aone ngati banjalo lilidi losowa. Kenaka maina amawerengedwa pa msonkhano wa anthu onse kuti mudzi uvomereze kapena kutsutsa. Akatero mapepala amapita ku ofesi ya za cisamaliro ca anthu ku boma, nalowetsedwa m'makina a kompyuta a unduna.

Pali zinthu ziwiri zimene ambiri sadziwa, ndipo kusadziwako kumawawitsa mitima. Coyamba, kulembedwa dzina si kuvomerezedwa. Ndi kulowa pamzere cabe. Maina atsopano samalandiridwa tsiku lililonse. Amalowa pamene Boma laika ndalama zoonjezera mabanja, kapena pamene malo apezeka cifukwa banja lina lacoka pa mndandanda. Caciwiri, khadi la olemala locokera ku bungwe la Zambia Agency for Persons with Disabilities ndi cinthu cina, thandizo la ndalama ndi cinthu cinanso. Khadilo ndi lofunika, ndipo wolemala aliyense ayenera kulembetsa kuti akhale nalo, koma kukhala nalo sikutanthauza kuti ndalama ziyamba mwezi wa mawa.

Nthawi zina kucedwa kumacokera kutali kwambiri ndi mudzi wathu. Ena mukumbukira za 2018, pamene maiko a Britain, Finland, Ireland ndi Sweden anaimitsa thandizo lao atamva kuti ndalama zina za nchitoyi sizinayende bwino, ndipo nduna ya unduna umenewu inacotsedwa pa mpando. Amene anavutika ndi mabanja a m'midzi amene sanalakwe kanthu. Ndanena izi kuti wodikira asafulumire kuganiza kuti wina wamulodza, kapena kuti Mulungu wamutaya. Ngakhale ku maiko olemera monga America ndi Britain, olemala amadikira miyezi yambiri yankho la pempho lao.

Komanso tisaiwale kuti wolemala popempha thandizoli sakupemphetsa. Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olemala m'caka ca 2010, ndipo m'caka ca 2012 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loteteza olemala, limene limaletsa kuwasala. Tsono wofunsa za pepala lake afunse mwaulemu, koma asafunse mwamanyazi.

Zocita podikira

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Ndi zoona. Koma wodekha uja sakhala atatsinzina. Maso ake amakhala pa nkhonoyo. Nazi zinthu zimene taphunzira, zina mwa kulakwitsa.

Coyamba, sungani mapepala ndi masiku. Gulani kabuku kakang'ono ka ana a sukulu. Lembanimo tsiku limene dzina linalembedwa, tsiku la ku cipatala, tsiku limene ofunsa mafunso anabwera, ndi yankho lililonse limene mwapatsidwa. Mapepala onse aikeni m'pulasitiki, kutali ndi ciswe ndi kudontha kwa denga. Koposa zonse, yang'anani ngati dzina, caka cobadwa ndi nambala ya pa reji zikufanana pa mapepala onse. Apa ndi pamene panagona vuto la bambo wa njinga uja. Pa reji pake panali dzina la atate ake omubala. Koma tsiku la ku cipatala, iye ali m'ululu, mkazi wake anachula dzina la malume amene anamulera, limene mudzi wonse umamudziwa nalo. Kwa ife Ansenga izi si zacilendo. Koma kwa makina, amenewo anali anthu awiri osiyana. Miyezi yonse ija banja linali kudikira pepala limene silikanatha kuyenda.

Caciwiri, funsani. Safunsa anadya phula. Yambani ndi a komiti ya m'mudzi, ndipo ngati iwo alibe yankho, pitani ku ofesi ku boma. Musangofunsa kuti, "Ndalama zibwera liti?" cifukwa funso limenelo kawirikawiri liyankhidwa ndi mau akuti "dikirani." Funsani kuti, "Kodi dzina ili lilimo m'makina? Lafika pati? Pali pepala losowa kapena lolakwika?" Kupita tsiku lililonse kumatha ndalama za ulendo ndi mphamvu, kusapita konse kumasiya colakwa cigonere. Kamodzi pa miyezi iwiri nkokwanira. Ndipo popeza midzi yathu ina ili kutali ndi Nyimba, mabanja atatu kapena anai angathe kusonkherana natuma munthu mmodzi wodziwa kuwerenga, atanyamula mapepala a onse.

Cacitatu, musadye ndalama zimene simunalandire. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wa pacala ngwa mphepo. M'mwezi wa January, nkhokwe itauma, mkazi wa bambo uja anatenga kaloba wa K500 wobweza K750 pakutha kwa mwezi, poganiza kuti ndalama za Boma zili pafupi. Mwezi unatha, wina unathanso, ngongole inabereka ana, ndipo mwini ndalama anadzatenga mbuzi ziwiri, zimene zinali cuma cokha ca banjalo. Sindimuweruza maiyo, pakuti ana anali kulira njala. Koma ndikuti kwa inu nonse: konzani moyo wanu ngati kuti yankho lidzakhala lakuti iai. Likadzakhala lakuti inde, cidzakhala cimwemwe copanda ngongole. Ngati kubwereka sikungapeweke, gulu la banki ya m'mudzi kapena cilimba ca anthu odziwana ndi cabwino kuposa kaloba.

Cacinai, cenjerani ndi onyenga. Kulembetsa pa thandizo limeneli ndi kwaulere. Munthu aliyense wonena kuti mumupatse nkhuku kapena kangacepe kuti dzina lifulumire, akukuberani. Popeza m'madera ambiri ndalama zimabwera kudzera pa foni, kwabukanso akuba oimba foni nadzichula kuti ndi a ku unduna, napempha nambala yanu ya cinsinsi. Nambala imeneyo musauze munthu wa pa foni, ngakhale alankhule mokoma motani.

Cacisanu, funsani za zitseko zina. Unduna womwewo uli ndi thandizo la mwadzidzidzi kwa ovutikitsitsa lochedwa Public Welfare Assistance Scheme, ndiponso Food Security Pack, imene imapereka mbeu ndi feteleza kwa mabanja osauka koma okhoza kulima. Amene anagwirapo nchito ya malipiro nadulidwa ndalama za NAPSA afunse kumeneko za penshoni ya olemala, ndipo wovulala pa nchito yolembedwa afunse za cipukuta misozi ku Workers' Compensation. Sikuti zitseko zonsezi zidzatseguka, koma wogogoda khomo limodzi lokha amagona panja kawirikawiri.

Cacisanu ndi cimodzi, thupi la wodwala silidikira pepala. Munthu wogona malo amodzi amatuluka zilonda pamatako, m'ciuno ndi ku zidendene, ndipo zilonda zimenezi zikhoza kupha munthu amene ngozi inamusiya wamoyo. Atembenuzidwe maola awiri alionse, khungu likhale loyera ndi louma, amwe madzi okwanira, ndipo manja ndi miyendo ziongoledwe tsiku ndi tsiku monga a cipatala analangizira. Malo akayamba kusintha maonekedwe kapena kutentha, musadikire kuti citseguke cilonda. Pitani ku cipatala ca pafupi. Wakumwa mankhwala a khunyu kapena a matenda ena osatha asalumphe tsiku cifukwa ca kukhumudwa.

Cacisanu ndi ciwiri, ana asalipire ngongole ya kudikira. Ciyeso cacikulu ndi kucotsa mwana wamkulu pa sukulu, makamaka mtsikana, kuti azisamala wodwala kapena azikagwira ganyu. Kuyambira January 2022 maphunziro m'sukulu za Boma ndi aulere kufikira giredi 12. Ndidziwa kuti yunifomu ndi makope zifuna ndalama, koma zimenezo mphakati ungathe kusenza. Mwana wosiya sukulu cifukwa ca miyezi khumi ya mavuto amalipira moyo wake wonse. Ndipo kukwatiwitsa mwana wamng'ono kuti pakhomo papezeke cakudya ndi chimo, ndiponso mlandu.

Munthu wa pa thamanda

Tsopano ndilankhule ndi ife amene sitikudikira yankho lililonse, koma tikhala moyandikana ndi odikira. Mu Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Yohane, mutu 5, timamva za munthu amene anadwala zaka 38, ali gone pafupi ndi thamanda la ku Yerusalemu, kudikira kuti madzi avunduke. Ambuye Yesu atamufunsa, iye sanadandaule za kutalika kwa zaka kapena kucepa kwa madzi. Dandaulo lake linali lakuti analibe munthu womulowetsa m'madzimo, ndipo ena anali kumupitirira. Mu Marko, mutu 2, timapeza wina wofa ziwalo amene anali ndi anzake anai. Khomo litadzaza, iwo anasasula denga namutsitsira pamaso pa Ambuye. Odwala awiriwa matenda ao anali ofanana. Anasiyana pa cinthu cimodzi: wina anali ndi anthu, wina analibe.

Ndivomere pamaso panu kuti ife a mu mphakati wathu tinacedwa kukhala anthu anai aja. Lamulungu lililonse tinali kuchula bambo uja m'mapemphero a odwala, ndipo tinali kuganiza kuti takwaniritsa. Miyezi yoyamba anthu anali kudzaza pakhomo pake. Koma mudziwa mmene ticitira: pa ngozi ndi pa maliro timathamanga, pa matenda otalika timatopa. Titamva kuti dzina lake lalembedwa, tinapumula mumtima, tinati Boma lamutenga. Tinamusiya m'manja mwa pepala, ndipo pepala silitunga madzi, silitembenuza wodwala, silicezanso ndi munthu.

Nditabwerako tsiku lija, tinakhala pansi monga mphakati. Mutu umodzi susenza denga. Tinagwirizana zinthu zocepa zimene tingakwanitse kwa nthawi yaitali, m'malo mwa zazikulu za sabata imodzi. Banja lililonse linapereka mbale imodzi ya ufa pa mwezi. Azibambo awiri anasinthana kupita Laciwiri ndi Lacisanu kukamusambitsa ndi kumumeta, cifukwa pali zina zimene mwamuna amamasuka nazo kwa mwamuna mnzake. Amai a bungwe anatenga tsiku limodzi pa sabata kuti mkazi wake apite kumunda, kapena angogona tulo. Wosamala wodwala nayenso ndi wodwala wobisika, ndipo kawirikawiri palibe amene amamufunsa kuti wadzuka bwanji. Acinyamata anapalira munda. Mtsikana wina amene anamaliza giredi 12 ndiye anatenga mapepala onse nawayala pamphasa, ndipo ndiye anaona kusiyana kwa maina kuja. Tinasunthanso msonkhano wa mphakati kuti kamodzi pamwezi uzicitikira pakhonde pake, kuti iye asamangomva kuti tinamupempherera, koma azipemphera nafe, ndi kutipemphereranso.

Koma cimene cinamubwezera njala ya cakudya sicinali ufa wathu. Tsiku lina mnyamata wina anafika ndi njinga yophulika chubu, nafunsa ngati pali pampu. Bambo uja anati, "Bwera nayo kuno, mwanawe." Anamukhazika tsonga motsamira cipupa, ndipo manja aja amene anasamala njinga kwa zaka zambiri anakumbukira nchito yao. Sabata isanathe, mbiri inamveka kuti pakhonde paja akumata machubu ndi kuongola masipoko. Ndalama zake zinali zocepa, za mcere ndi sopo. Koma madzulo ena mkazi wake anandiuza akuseka, "Aphunzitsi, lero andikalipira kuti ndiwo zacepa mcere." Ndinadziwa kuti munthu uja wabwerera.

Pamenepa pali phunziro. Coopsa cacikulu pa kudikira ndi cakuti munthu amayamba kudziona ngati dzina la pa mndandanda basi, ngati kuti mtengo wake udzadziwika tsiku limene ofesi idzayankhe. Tisamucitire zonse wolemala ngati khanda. Timufunse maganizo pa nkhani za pakhomo, za munda, za ana. Wakhungu angathe kutongola cimanga ndi kuphunzitsa ana nthano. Wosayenda angathe kuluka mphasa, kusoka, kusunga buku la gulu. Ndipo wina akayamba kukana cakudya, kusagona, kapena kunena kuti kuli bwino atafa, musati ndi mau cabe. Musamusiye yekha, cotsani pafupi naye mankhwala a mbeu ndi zina zoopsa, ndipo kauzeni a cipatala ndi ansembe msanga.

Mau kwa a komiti

Ambiri a m'makomiti a CWAC ndi Akristu anzathu, ndipo nchito yao ndi yolemetsa: amayenda mitunda ndi mapazi, ndipo maina akacedwa, ndiwo amatukwanidwa. Tiwalemekeze. Koma inunso a komiti, kumbukirani mau a bambo uja. Nenani zoona. Ngati simudziwa, nenani kuti simudziwa. Musati "mwezi wa mawa" pofuna kungotonthoza munthu, cifukwa pa mau anu amenewo wina akatengera kaloba. Ndipo polemba maina, mbale wanu asapitirire wamasiye amene alibe womulankhulira. Amene sangathe kufika pa msonkhano, monga ogontha, osalankhula, odwala misala, ndi ana olemala amene makolo amawabisa m'nyumba, ndiwo ayenera kufunidwa poyamba.

Yankho likafika

Dzina la bambo wa njinga linakonzedwa mwezi wa July, ndipo linatuluka mwezi wa November 2023, patapita miyezi 15 cilembedwere. Analandira K800 ya miyezi iwiri. Anagulako thumba la ufa, nsapato za mwana wa sukulu, ndi machubu atsopano ogulitsa pakhonde pake. Mbuzi zija sizinabwerere. Miyendonso sinabwerere. Ndalama zimenezi sizicotsa umphawi wonse, koma kwa iye zinali ngati mzati umodzi woonjezera pa nyumba imene anthu anali ataicirikiza kale.

Si nkhani zonse zimatha motero. M'mudzi woyandikana nafe muli agogo ena amene maso ao anacita khungu pang'onopang'ono, ndipo amalera adzukulu awiri. Pamene ndikulemba, iwo akali kudikira. Palinso ena amene anayankhidwa kuti sakukwanira. Kwa otere ndikuti: funsani cifukwa cake, ndipo cilembeni m'kabuku kaja. Pali njira yoperekera madandaulo kudzera ku komiti ndi ku ofesi ya ku boma, ndipo zinthu zikasintha pakhomo, kapena kulemala kukakula, mungathe kupempha kuti akuoneninso. Yankho la ofesi limanena za malamulo a ndalama ndi kukula kwa thumba la Boma. Silinena za ulemu wanu, ndipo silimasula mphakati ku udindo wake.

Tsono nali pempho langa la mwezi uno. Pa msonkhano wotsatira wa mphakati wanu, musanatseke, funsanani kuti: m'midzi yathu ndani akudikira yankho? Lembani maina ao. Pa dzina lililonse ikani munthu mmodzi woona za mapepala ndi wina woona za pakhomo. Ndipo mukakumana ndi wodikira pa cigayo, musayambe ndi kufunsa ngati dzina latuluka, pakuti likadatuluka mukadamva kale. Mufunseni ngati wadya, ngati wodwala wagona bwino, ndi tsiku limene mungabwere kudzathandiza. Agogo aja ife tawaika pa Lacinai. Ndiye tsiku limene acinyamata amakawatungira madzi ndi kuwawazira nkhuni.